Sabata imene tinaulutsa maliro okhaokha

Lachinayi pa 8 Seputembala 2022 nkhani yoyamba inali yodziwikiratu kuyambira m'mawa. Liz Truss, amene anali atangokhala nduna yaikulu ya Britain masiku awiri okha, amakafotokozera aphungu momwe boma lake lithandizire anthu pa mitengo ya gasi ndi magetsi. Ine ntchito yanga pa wailesi ya kanema ina kuno ku London ndi kusanja nkhani za madzulo: iti iyambe, iti ipatsidwe mphindi zingati, ndani abwere mu situdiyo. Tsikulo ndinali nditapangana kale ndi mayi wina wodziwa za chuma kuti adzatiwerengere masamu ake.

Truss ananena kuti banja wamba lizilipira pafupifupi mapaundi 2,500 pa chaka kwa zaka ziwiri, kuyambira pa 1 Okutobala, zotsalazo boma lisenza. Koma kuti zonse pamodzi zikwana zingati, sananene. Aphungu akukambirana choncho, tinaona nduna ina, Nadhim Zahawi, akulowa n'kukanong'oneza Truss, ndipo mbali inayo kapepala kanafika kwa Angela Rayner ndi Keir Starmer, atsogoleri a chipani chotsutsa boma nthawi imeneyo. Pasanapite nthawi kunyumba yachifumu kunatuluka uthenga woti madokotala ali ndi nkhawa ndi thanzi la Mfumukazi Elizabeth. Owerenga nkhani anayamba kufunafuna mataye akuda m'madirowa. Mbiri ya Mfumukaziyo inajambulidwa kalekale, imangodikira tsiku. Nthawi ya 6:30 madzulo imfa inalengezedwa, ndipo ndandanda wanga wonse unafufutidwa. Wodziwa za chuma uja ndinamuimbira kuti abwerere ali kale pa sitima.

Usiku umenewo sindinadandaule. Munthu wa zaka 96, wokhala pampando zaka 70, amene ngakhale kwathu anali mtsogoleri wa dziko kuyambira 1964 mpaka 1966, imfa yake ndi nkhani. Lachisanu linalinso lake, pamodzi ndi mawu oyamba a mfumu yatsopano Charles. Chimene chinayamba kundiwawa ndi Loweruka.

Tsiku limenelo asilikali a Ukraine anali atathamangitsa a Russia m'dera la Kharkiv mpaka kulanda mzinda wa Izium. António Guterres, mkulu wa bungwe la United Nations, anali ku Pakistan, kumene madzi osefukira anakhudza anthu 33 miliyoni. Zonsezi tinazipanikiza kumapeto, pafupi ndi zanyengo. Mu London momwemuno khamu la anthu linaguba kupita ku Scotland Yard, likulu la apolisi, chifukwa cha Chris Kaba, mnyamata wa zaka 24 amene wapolisi anamuwombera ku Streatham Hill pa 5 Seputembala alibe mfuti. Wailesi ina ya kanema itaona khamulo kuchokera m'mwamba inauza owonera kuti ndi anthu opita kukakhuza maliro a Mfumukazi, kenako inapepesa. Anzanga ena anaseka. Ine ndinaona kuti zikanatheka kuchitika pa desiki yathu yomwe, chifukwa maso athu tonse anali atazolowera kuona maliro paliponse.

Lamulungu galimoto yonyamula bokosi inachoka ku Balmoral, nyumba yachifumu ya ku Scotland kumene Mfumukazi inamwalirira, kupita ku Edinburgh, ulendo wa maola pafupifupi sikisi, helikopita ili pamwamba. Tinaulutsa wonse. Taganizirani ntchito yopezera munthu zonena kwa maola sikisi pamene chithunzi ndi galimoto yakuda pa msewu. Mnyamata wina wophunzira ntchito tinamukhazika pa mapu kuti azilemba mayina a midzi imene galimoto ikudutsa, Ballater, Aboyne, Banchory, n'kumapereka timapepala kwa wowerenga nkhani. Pofika ku Dundee tinali titafotokoza kale maluwa a pa bokosi mobwerezabwereza.

Anthu amaganiza kuti pali bwana wina amene amalamula kuti nkhani yakutiyakuti ibisidwe. Ku wailesi yathu kunalibe. Zimangochitika zokha. Zithunzi za maliro zimabwera zokonzeka, mawailesi onse amagawana makamera amodzi, ndipo ndi zokongola: akavalo, asilikali, ana atanyamula maluwa. Nkhani ya ngongole ya boma ilibe chithunzi, kupatula khomo la unduna wa zachuma ndi munthu wovala suti. Komanso palibe mkonzi amene anachotsedwapo ntchito chifukwa cholira maliro kwambiri, pamene ukangodula mwambo kuti uyike ndale, mafoni odandaula amayamba kulira nthawi yomweyo. Ndiye andale nawonso anatseka pakamwa. Nyumba ya malamulo inaimitsa zokambirana zake, nduna zimakana kubwera ati tili pa chisoni, sitiraka za ogwira ntchito m'sitima ndi ku positi zinaimitsidwa, ndi mpira womwe.

Koma boma silinagone. Lachinayi lomwe lija nduna ya zachuma Kwasi Kwarteng inachotsa Tom Scholar, mlembi wamkulu wa undunawo, ndipo Truss analengeza kuti akuchotsa chiletso cha njira yokumba gasi yophwanya miyala pansi pa nthaka. Sabata ina iliyonse nkhani ziwirizi zikanatidyera masiku. Lolemba pa msonkhano wa m'mawa ndinazikumbutsa.

"Bwana, tipatseniko mphindi zitatu zokha, anthu adziwe kuti ngongoleyi alipira ndani."

"Zidikire kaye, maliro akatha."

Kumudzi kwathu sizikhala choncho. Pa maliro pomwepo, adzukulu atamaliza zawo, amfumu amaimirira n'kulengeza za mlatho woguluka ndi za mbuzi zimene zikudya mmera, chifukwa ndi pamene mudzi wonse wasonkhana. Palibe amati anyoza malemu. Ife dziko lonse linali litasonkhana pa kanema, ndipo sitinaliuze kanthu.

Lachiwiri William Ruto amalumbiritsidwa kukhala pulezidenti wa Kenya ku Kasarani mu Nairobi, khoti lalikulu la Kenya litakana dandaulo la Raila Odinga sabata yapitayo. Ndinamenyera nkhondo kuti ilowe, inalowa, koma ya masekondi ochepa, popanda mawu a munthu aliyense wa ku Kenya. Chimene chinabwerezedwa usiku wonse ndi cholembera chimene chinadonthera inki m'manja mwa Charles ku Hillsborough Castle. Madzulo amenewo amayi anandiimbira kuchokera ku Zomba. "Mwanawe, kodi amfumu atsopanowo ndi aukali chotere?" Cholembera chija chinali chitafika kale pa WhatsApp ya amayi a mvano.

Lachitatu bokosi linafika ku Westminster Hall mu London ndipo mzere wa anthu okaona bokosilo unayamba, wotsata mtsinje wa Thames mpaka ku Southwark Park. Mzerewo unasanduka nkhani payokha. Atolankhani athu, ena odziwa za ndale zaka zambiri, anaima m'mbali mwa mtsinje n'kumafunsa aliyense funso limodzi: mwaima maola angati? Mayankho ake ndimawadula ndine. Ambiri anali anthu abwino, ozizidwa, atanyamula tiyi m'mafulasiki. Gogo wina atatha kuyamikira Mfumukazi anawonjezera yekha kuti kuima panja n'chimodzimodzi, poti kunyumba sakuyatsanso chotenthetsera chifukwa cha bilu. Mawu amenewo ndinawasiyamo, koma wondiyang'anira anawachotsa, ati sakugwirizana ndi mtima wa tsikulo.

Lachinayi linalo banki yaikulu ya dzikolo, Bank of England, imayenera kulengeza za chiwongola dzanja, koma nayonso inasuntha nkhaniyo ndi sabata imodzi. Maliro anaikidwa Lolemba pa 19. Pa 23 Kwarteng anaimirira n'kulengeza zochepetsa misonkho ndi mapaundi pafupifupi 45 biliyoni, popanda kuwerengera kwa Office for Budget Responsibility, bungwe loima palokha lounika bajeti ya boma, ndipo paundi inagwa moti Lolemba lotsatira inatsala pang'ono kufanana ndi dola. M'mawa umenewo bwana anabwera pa desiki yanga kudzafunsa ngati mayi wa zachuma uja angabwere. Nditamuimbira anati mawailesi ena amutenga kale mpaka usiku, ndiyesenso mawa.