Ulendo wa matelala a ku Bangwe ku fakitale ya mayunifomu

Tinanyamuka ku Bangwe Lachisanu m'mawa pa minibasi yahayala, aliyense atavala chosoka yekha. Amayi a tcheya ndiwo anaumirira zimenezi, akuti telala sangakaonekere ku fakitale atavala za kaunjika. Tinadutsa ku Limbe ndi ku Chichiri, pa Ginnery Corner tinakhotera ku Makata. Titayandikira fakitale ya nsalu ya David Whitehead, a Gogo, amene ndi akulu m'gulu mwathu, anauza dalaivala kuti achepetse liwiro. Anatikumbutsa za zitenje zoombedwa ndi thonje la ku Chikwawa ndi Balaka, zija munkachapa mpaka kutopa nokha koma osasuluka. Boma linagulitsa fakitaleyi mu 2003, pano ili m'manja mwa a Mapeto, koma a Gogo amaitchulabe dzina lakale lokhalo.

Kumene tinkapita ndi ku Chirimba, ku fakitale ina yosoka mayunifomu a sukulu ndi maovololo. Tinali ndi cholinga chathu, ndisabise: tinamva kuti ntchito ina ayamba kuipereka kwa osoka a kunja kwa fakitale, ndiye timafuna gululi lipezeko ka oda.

Anatilandira bwino ndithu. Bwana wa ntchito anatiyendetsa kuyambira pa tebulo lodulira, pomwe mpeni wamagetsi umadula mulu wa nsalu kamodzi, mpaka kosita. Ananenanso za ndondomeko ya Buy Malawi imene boma linakhazikitsa mu 2016, ndipo ife tinawomba m'manja.

Ine chinandigwira ndi mzere wakumapeto. Makina angapo anali ataphimbidwa ndi masaka, mipando itazondotsedwa pamwamba. Pambali pake panali bambo wina waimvi akusoka makolala. Amati akamaliza imodzi, amaitembenuza, n'kuyendetsa chala chachikulu pamsoko, kenako n'kudula ulusi ndi kasizasi komangirira m'khosi. Ndinawafunsa kuti, “Bambo, eni makinawa ali patchuthi?” Anaseka pang'ono. Akuti matumba ndi mabatani tsopano zimasokedwa kunja kwa fakitale, ndipo alonda ndi osesa amachokera ku kampani ina ya kontirakiti; mwezi uno nkhope iyi, mwezi wamawa ina. Kale munthu akaferedwa, fakitale yonse inkasonkha. Lero mlonda wa pageti sadziwa n'komwe dzina lawo.

Ndinawafunsa chimene akukhalirabe. Anandionetsa kachizindikiro ka pakhosi pa malaya kosonyeza kuti apangidwa m'Malawi. Akuti akaona mwana wa sukulu pa Chirimba pomwepo atavala kolala yawo, amaizindikira patali.

Oda anatilonjeza, ya matumba a akabudula, malipiro ake pa chimodzichimodzi. Pobwerera m'minibasi munabuka mkangano. Ena amati ifenso ndi Amalawi, ana athu amadya. Mlembi anati ndiye kuti makina aja tikawaphimba ndife. Ine ndinakhala chete mpaka pa Limbe, chifukwa lendi ya pakhonde pomwe ndimasokera yakwera mwezi watha. Nkhaniyi tikaimaliza pa msonkhano wa Loweruka, 2 koloko, kwa amayi a tcheya.