Ku msonkhano wa makompyuta ndinapitako ndi fungo la usipa

Bizinesi yathu ndi yansomba. Timagula kwa asodzi ku Makawa, ku Malembo ndi ku Msaka, nthawi zina kambuzi wa ku Malombe, n'kumatumiza kwa anthu a ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Lilongwe amene amaitanitsa pa WhatsApp. Sitolo yoti mungaione m'mbali mwa msewu tilibe. Tili ndi khonde la nyumba yathu kuno ku Mangochi boma, mathandala oyanikapo kuseri, uvuni wowambira, ndi foni. Tilipo atatu: ine, bambo a ana anga, ndi mng'ono wanga amene anabwera kudzakhala nafe atalemba mayeso a Fomu 4.

Zinayamba mu 2020, anthu akuopa kuyenda chifukwa cha Covid-19. Msuweni wanga wa ku Chilomoni anandipempha kuti ndimutumizire chambo chowamba pa minibasi. Anachijambula, n'kuika pa status, anzake a kuntchito n'kuyamba kumufunsa kuti wachipeza kuti. Mwezi usanathe ndinali ndikulemba maoda kuseri kwa kope la mwana wanga.

Anthu a m'tauni amaona ngati nsomba ili ndi mtengo umodzi ngati shuga wa mugolosale. Ayi ndithu. Mwezi ukawala kumwamba usipa umasowa, chifukwa asodzi a kauni amaukopa ndi nyali usiku, ndiye kukakhala kuwala paliponse nsomba sizisonkhana pa bwato la siginala, lonyamula nyalizo. Mwera ukaomba, makamaka Juni ndi Julaye, mabwato amagona pamtunda. Ndowa imene wagula lero, mawa ukhoza kuipeza itakwera kawiri, mkuja n'kutsikanso. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta a injini, maukonde ndi thiransipoti zinakwera limodzi, moti kasitomala wina anandifunsa ngati nsomba nazo zimagulidwa ndi madola. Zonsezi, mitengo, ngongole za asodzi, nambala za madalaivala odalirika, yemwe walipira ndi yemwe akuti alipira pakutha pa mwezi, zinkakhala m'mutu mwanga ndi mufoni yanga.

Aliyense wa kuno amadziwa kuti dzuwa likayamba kuswa mtengo, mahotela a m'mbali mwa nyanja, kuyambira cha ku Nkopola kumapita ku Monkey Bay, amadzaza ndi misonkhano ya anthu a m'maofesi. Ife timangoona magalimoto awo akudutsa, ena n'kuima pamsewu kugula chambo chomangirira pagalasi pobwerera. Sindinaganizepo kuti ndingalowe nawo m'holo. Kasitomala wanga wina wa ku Blantyre, mayi wogwira ntchito ya makompyuta, ndi amene anandiuza kuti pa msonkhano wawo wa zaukadaulo pali malo a eni mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo anandilembetsa yekha. Ndalama yolowera ndinakatenga ku banki m'khonde. Bambo a ana atamva kuchuluka kwake anangoti, "Mayi, amenewo ndi makatoni angati a usipa?" Kenaka ananditengera okha panjinga yamoto mpaka pageti.

Tsiku loyambalo ndinachita kudzera kunyanja kaye, poti panali oda ya ku Zomba yoti inyamuke m'mawa. Ndinasamba, ndinasintha, ndinavala chilundu changa chabwino, koma amene anagwirapo usipa wofutsa akudziwa kuti sopo saumaliza m'manja. M'holomo munali kuzizira kwa makina, aliyense ali ndi laputopu pamiyendo, Chizungu chokhachokha. Mawu amene ankamveka pafupipafupi ndi AI, kutanthauza makompyuta ochita zinthu ngati ali ndi nzeru za munthu. Wina anaonetsa kompyuta ikuyankha mafunso a mlimi, wina ikulemba kalata. Zinandisangalatsa, sindikana, ngakhale zambiri zinkandipita pamwamba.

Ndinadzuka bwino pampando pamene mnyamata wina anakwera kutsogolo kudzafotokoza za app, pulogalamu ya pafoni, yolumikiza asodzi ndi ogula. Msodzi akafika kumtunda azijambula nsomba zake, aziika mtengo, wogula wa ku Lilongwe azilipira pompo. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinakweza dzanja, ndipo ndinapempha kuti ndilankhule m'Chichewa.

Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, msodzi amene mukunenayu munamuonapo foni yake?" Ambiri amene ndimagula nawo ali ndi kafoni ka mabatani, kokulunga m'pepala la shuga kuopa madzi, ndipo theka la nthawi kamakhala kozima kudikira kukatchajitsa pa sola ya munthu. Bwato likamafika, amayi timakhala titalowa kale m'madzi mpaka m'mawondo ndi mabeseni athu. Mtengo umapangidwa pompo pamchenga, pakamwa, alovi, anyamata ogwira ntchito m'bwatomo, atatopa akufuna gawo lawo m'manja kuti akagone. Ndiye pali china chimene app singachione: mwini boti amayamba wagulitsa kwa munthu amene anamukongoza mafuta a injini dzulo madzulo. Ngakhale wa ku Lilongwe atapereka mtengo woposa wanga, nsombazo ndi zanga, chifukwa popanda malita anga botilo silikanalowa m'madzi.

Mnyamatayo sanakwiye. Analemba zonse, ndipo pa nthawi ya tiyi anandipeza n'kundifunsanso zambiri. Ndinamuuza kuti doko lili pafupi ndi hotela yomweyo, abwere mbandakucha adzaone yekha. Sanabwere, koma sindimuda, usiku wake kunali phwando. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ana athu anzeru chonchi amabwera mpaka kunyanja, n'kugona pamtunda wa mphindi zochepa kuchokera pamene pali anthu amene akuwapangira zinthu, n'kubwerera kutauni asanalankhule nawo.

Zimene ndinapindula nazo zinachokera m'kachipinda kakang'ono, masana titadya, ambiri atapita kukajambulitsa kumadzi. Nkhani yake inali ya akuba a pafoni ndi kasungidwe ka zinsinsi za makasitomala. Wophunzitsayo anaika pakhoma mauthenga awiri onena kuti walandira ndalama, wina weniweni wina wabodza, n'kutiuza kuti tisiyanitse. Tonse tinalephera. Mawu ake ndi omwewo, kalembedwe komweko. Kusiyana kwake kunali pamwamba: wabodzawo unachokera ku nambala wamba ya munthu. Langizo lake linali lakuti chithunzi cha risiti chimene munthu wakutumizira si ndalama. Usanamange katoni, imba *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, uone wekha ngati ndalama yalowadi.

Anatiuzanso za lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, bungwe la boma loona za mafoni ndi mawailesi. Ine ndinkaona ngati malamulo otere ndi a mabanki ndi makampani a mafoni. Koma mufoni yanga muli mayina a anthu, nambala zawo, kumene amagwira ntchito, ena mpaka malongosoledwe a njira ya kunyumba kwawo. Chizolowezi cha ife ogulitsa choponya makasitomala onse m'gulu limodzi la WhatsApp osawafunsa chimaika nambala ya mayi wina poyera kwa anthu amene sakuwadziwa.

Pafupi nane panakhala mayi wina wa ku Karonga wogulitsa mpunga wa Kilombero. Foni yanga inkangonjenjemera m'chikwama, ine n'kumatuluka kukayankha dalaivala, kubwerera, kutulukanso kukayankha msodzi. Nditakhala pansi anandinong'oneza kuti, "Asisi, mutagonekedwa m'chipatala sabata imodzi, nsomba angatumize ndani?" Ndinaseka, koma yankho ndinalibe. Madzulo ake tinakhala pansi pa mtengo panja, iye n'kundionetsa mmene amachitira. Nambala ya bizinesi ndi yosiyana ndi yake. Amagwiritsa ntchito WhatsApp Business, imene ili ndi malo oikapo katundu ndi mitengo, komanso zizindikiro zamitundu zosonyeza oda yatsopano, yolipiridwa ndi yotumizidwa. Nambala imodzi yomweyo imagwira pafoni yake ndi ya mwana wake. Anandiikiranso PIN ya manambala 6 yoti wina asandibere akaunti. Zonsezi zinali zaulere, ndipo zinali mufoni yanga kale.

Panja pa holo panali oonetsa katundu, ndipo ndinaima nthawi yaitali pa fuliji yoyendera sola. Chambo chachiwisi ndiye chili ndi phindu, koma chimafuna ayezi, ndipo amene tinali mu bizinesi mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, sitinaiwale mmene nsomba zinkaonongekera magetsi akathima tsiku lonse. Nditamva mtengo wa fulijiyo ndinathokoza, n'kutenga kapepala kawo. Kadakali m'Baibulo.

Msonkhano unatha Novembala atayamba, nthawi imene boma limatseka nyanja kwa makoka ena kuti chambo chiswane, ndiye ntchito imachepako. Bambo a ana ndi amene anati tipite kwa azakhali awo cha ku Namwera tikapumuleko, tione ngati zophunzira zangazo zingayendetse bizinesi ine kulibe. Anthu a m'tauni akafuna kupuma amabwera kunyanja. Ife nyanja ndi kuntchito, ndiye tikafuna mphepo timakwera phiri.

Ndinagula simu yatsopano ya bizinesi, ndinalemba mitengo ndi ngongole zonse m'kope limodzi lalikulu, ndinauza asodzi anga ndi madalaivala kuti aziimbira mng'ono wanga. Kenaka tinadutsa pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kuyamba chitunda cha ku Chowe. Msewu umenewu umakhotakhota, ndipo ukafika pamwamba n'kucheuka umaona zonse pamodzi: nyanja ya Malawi mbali iyi, Shire akutuluka, Malombe mbali inayo, boma lathu lili pakati. Ndakhala zaka zonsezi ndikutchula malo amenewa pafoni tsiku ndi tsiku, koma kuwaona onse ndi diso limodzi n'kosowa. Thukuta la kumunsi linauma tisanafike n'komwe pa Namwera.

Kwa azakhali netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi basi, ndiponso ikafuna. Tsiku loyamba ndinakwerapo kangapo. Azakhali anandiyang'ana n'kunena kuti, "Apongozi, mwabwera kudzaona ine kapena chulu?" Ndinaika foni m'chikwama. Tinadya nsima ya chigwada chotendera, nandolo, ndi nkhuku yachikuda imene ana anaithamangitsa mudzi wonse. Mango anali atayamba kupsa. Usiku ndinafunda bulangete, mu Novembala, chinthu chosatheka kwathu kumunsi. Tsiku lina bambo a ana ananditengera kumapazi a phiri la Mangochi, kumene pamwamba pake kuli mabwinja a linga limene atsamunda anamanga m'zaka za m'ma 1890 atagonjetsa mfumu Jalasi. Mpaka pamwamba sindinafike, miyendo yozolowera mchenga inakana.

Chimene chinandidabwitsa ndi usipa umene tinawatengera. Azakhali anaugawa timilu ting'onoting'ono kupatsa anansi ngati ndi mchere wa nthawi ya njala. Nyanja imaoneka ukaima paphiri, koma nsomba imafika kumeneko panjinga, yakalekale, yofumbutuka, pamtengo woposa umene ndimagulitsira anthu a ku Area 18 ku Lilongwe. Aphunzitsi ena a pasukulu ya pafupi atalawa anabwera kudzafunsa ngati tingamawatumizire pakutha pa mwezi. Ambiri alibe WhatsApp yodalirika, ndiye tinagwirizana kuti mmodzi azisonkhanitsa maoda n'kutiimbira, ndalama n'kutumiza pafoni. Msika umene ndinkaufuna ku Blantyre ndi ku Lilongwe unalinso kuseri kwa phiri, ulendo wosakwana maola awiri.

Titatsika, mng'ono wanga anandipatsa kope lija lodzaza bwinobwino. Munthu wina anatumiza chithunzi cha risiti ya katoni yathunthu ya kampango wowamba, akukakamiza kuti ikwere minibasi ya m'mawa womwewo. Mng'ono wangayo anaimba kaye pafoni kuona ndalama, anapeza mulibe, ndipo atamufunsa munthuyo anazima. Katoni ina inagona panjira cha ku Ulongwe minibasi itawonongeka, koma poti inali yowamba inafika bwino, ndipo kasitomala anali atauzidwa kale. Maoda a chambo chachiwisi anawakana onse payekha, ati kutentha kunali koopsa ndipo ayezi sanali wodalirika. Ine mwina ndikanalimba mtima n'kutumiza, koma sindinatsutse.

Panopa katoni ya ku Namwera imanyamuka mwezi uliwonse aphunzitsi akalandira, gulu lija la WhatsApp tinalitseka, ndipo foni ya bizinesi imagona kuchipinda kwa mng'ono wanga. Iye akuti poti wayendetsa yekha zinthu osataya ngakhale katoni imodzi, za malipiro a pamwezi zithe, akufuna gawo lake pa phindu. Bambo a ana akuti akunena zoona. Ine ndikuti tiyambe tasonkhera fuliji ya sola, za magawo tikambe nyanja ikatsegulidwa. Nkhaniyi tayitula kwa amalume, abwera Loweruka.