Khungu analichotsa pa fomu, ndalama anazisiya

Pa 29 June 2023 khothi lalikulu la ku America linagamula kuti Harvard ndi University of North Carolina asiye kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira, mchitidwe womwe umathandiza ena monga akuda kupeza malo. Ambiri anawomba mmanja, ati tsopano aliyense azilowa ndi nzeru zake basi. Ine mpaka lero nkhaniyi siinandikhale mumtima.

Sikuti omwe anakasuma analibe mfundo ayi. Ana achi Asia amakhoza bwino zedi koma Harvard imawapatsa malikisi otsika pa zoti munthu ndi wochezeka bwanji, wolimba mtima bwanji, zinthu zoti sungaziyeze nkomwe. Pamenepo anali ndi chifukwa chodandaulira.

Koma abale mlandu womwewu unaululanso zina zomwe anthu sakonda kuzikamba. Akatswiri atafufuza mafayilo a Harvard anapeza kuti mwa azungu 100 aliwonse omwe anatengedwa, oposa 43 anali amasewera, kapena ana a anthu omwe anaphunzira pompo kale, kapena ana a ogwira ntchito pa yunivesiteyo, kapena ali pa kamndandanda kapadera komwe kamakhala ndi ana a opereka ndalama. Ndiye masewera akewo ena ndi monga squash, fencing, kuyendetsa maboti, mwana wa mayi wogwira ntchito ziwiri kuti alipire lendi akazidziwira kuti zimenezo? Khothi silinakhudze khomo limeneli ngakhale pang'ono.

Mu 2023 momwemo katswiri wa zachuma Raj Chetty ndi anzake anaonetsa kuti mwana wochokera mu 1 peresenti ya mabanja olemeretsetsa ali ndi mwayi woposa kawiri wokaphunzira ku mayunivesite apamwambawa poyerekeza ndi mwana wa banja lapakatikati, onse malikisi a SAT, mayeso olowera ku yunivesite, ali ofanana. Ofanana ndithu! Ndiye munthu azindiuza kuti nkhani ndi nzeru.

Ndikudziwa kuti kutseka khomo la ana a mabwana sikungathetse zonse. Yunivesite ya MIT sikondera ana a omwe anaphunzira pompo, komabe chigamulo chitatuluka ophunzira akuda a chaka choyamba anatsika kuchoka pa 13 peresenti kufika pa 5. Vuto limayambira kutali, ku pulaimale komwe, poti masukulu ambiri aboma kumeneko amadalira kwambiri msonkho wa nyumba za mderalo, dera losauka sukulu yakenso yosauka, ndipo mabanja akuda anakanizidwa kwa zaka zambiri kugula nyumba mmadera abwino. Mwana akamafika pa mayeso ali ndi zaka 17 mpikisano unayamba kalekale iye asanabadwe.

Komabe zomwe zingatheke lero bwanji osachita? Yunivesite ya Johns Hopkins inasiya kukondera ana a ophunzira akale mu 2014, koleji ya Amherst mu 2021, ndipo boma la chigawo cha Virginia linaletsa mchitidwewu mmayunivesite aboma mu 2024. Sizinagwe sukuluzo. Harvard ili ndi thumba loposa madola 50 biliyoni, sindikuona chomwe ingaope kutaya ikauza mwana wa bwana kuti aime pamzere umodzi ndi anzake.