Mpata wa pakati pa ziuno ziwiri

Mukafuna kudziwa ngati atsikana awiri a mu timu ya roller derby ayambana, musavutike n'kuwafunsa, adzakuyankhani kuti zonse zili bwinobwino. Yang'anani pamene ziuno zawo zimakumana akaima m'bwalo kudikira wezulo. Amene akugwirizana amakhudzana phewa ndi phewa, chiuno ndi chiuno, moti ngakhale pepala silingalowe. Amene anyanyalitsana amasiya kampata kokwana chikhatho chimodzi, ndipo jammer wa timu ina, amene ntchito yake ndi kusaka timipata totere, amalowetsa phewa pomwepo n'kudutsa.

Kwa amene simunaonerepo masewerawa: amaseweredwa pa nsapato za matayala anayi, m'bwalo lozungulira motalikirako ngati dzira, ndipo onse amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Timu iliyonse imalowetsa anthu 5. Mmodzi ndi jammer, wovala nyenyezi pachipewa, ndipo ndi yekhayo amene amapeza mapointi. Anayi enawo ndi otchinga, ma blocker, ndipo mmodzi mwa iwo, pivot, amavala chipewa cha mzere ndipo angathe kulandira nyenyezi ija jammer akapanikizika. Ulendo woyamba kudutsa gulu la otchinga ulibe pointi. Kuyambira wachiwiri, wotchinga aliyense wa timu inayo amene jammer wamupitirira ndi pointi imodzi. Chigawo chimodzi, chimene amati jam, sichipitirira mphindi 2, kenako masekondi 30 opumira, ndipo masewera onse ndi magawo awiri a mphindi 30. Wolakwa amakakhala pampando wa chilango masekondi 30, ndipo akalakwa ka 7 watuluka.

Kwawo kwa masewerawa ndi ku America. Leo Seltzer anawayambitsa ku Chicago mu 1935 ngati mpikisano wa kupirira, ndipo atazirala, azimayi a ku Austin, Texas anawadzutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, akuyendetsa okha matimu awo. Bungwe la ana, Junior Roller Derby Association, linakhazikitsidwa mu 2009. Lero matimu aliko ku London, Johannesburg ndi Cape Town, choncho si zachilendo kuti mwana wa m'banja lolankhula Chichewa kumeneko abwere kunyumba n'kunena kuti akufuna nsapato za matayala. Kawirikawiri amakhala wakopedwa ndi mnzake wa kusukulu. Ndiye pakangotha miyezi iwiri wina amaphunzira msanga kuposa wina, ndipo vuto loyamba limayambira apo.

Ana sayamba n'kugundana. Pa mlingo woyamba amangotchinga njira ndi thupi osakhudzana mwadala. Pa wachiwiri amaloledwa kutsamirana ndi kukankhana, koma osagunda ndi liwiro. Pa wachitatu m'pamene pali kugundana kwenikweni, ndipo ngakhale apo msana, mutu ndi miyendo kuyambira pakati pa ntchafu kutsika n'zoletsedwa, komanso sugunda ndi chigongono kapena manja. Kukwera mlingo kumadalira luso, osati zaka. Choncho amzake a ponda apa nane ndipondepo amene analembetsa tsiku limodzi amapezeka kuti wina wakwera, wina watsalira akulimbanabe ndi kuima. Wotsalirayo sanena kuti nsanje yamugwira. Amangoyamba kudwala mutu tsiku la maphunziro. Mphunzitsi wanzeru amamuuza chenicheni chimene chatsala, mwachitsanzo kuti poima motambalala miyendo akuweramira kutsogolo m'malo mokhala pansi ngati pampando, ndipo zidendene sakuzikankhira kunja mokwanira. Mwana akadziwa kuti chomulepheretsa ndi chinthu chimodzi chokhala ndi dzina, mtima umakhala m'malo. Kumuuza kuti angolimbikira sikumuthandiza kanthu.

Tibwerere ku khoma, kutanthauza otchinga oima mokhudzana aja. Kaimidwe kofala ndi ka anthu atatu ngati mafuwa: awiri moyandikana atapereka msana kwa jammer, wachitatu kutsogolo kwawo akuyenda chafutambuyo, manja pamapewa awo. Wachitatuyo ndiye maso a onse, amafuula kuti mkati, kunja, pakati. Awiri aja samuona jammer bwino, amangokhulupirira mawu a mnzawo ndi kusuntha nthawi yomweyo. Mwana wa zaka 14 amene m'kalasi satsegula pakamwa amapezeka akulamula anzake mofuula, ndipo iwo akumumvera. Ubwenzi wa m'masewerawa umalimba msanga chifukwa cha zimenezi: thupi lako laphunzira kulemera kwa mnzako, umadziwa mbali imene amafooka, ndipo iye wakuona ukulira utagwera pamchira wa msana.

Koma chikondano chikapitirira chili ndi chilango chake m'malamulo. Otchinga awiri akakolekerana mikono kapena kugwirana malaya, jammer n'kugunda pa mgwirizanowo, woimbira amapereka chilango cha multiplayer. Amene amagwidwa kwambiri ndi mlanduwu ndi mabwenzi apamtima, chifukwa anazolowera kugwirana manja. Ayenera kuphunzira kukhudzana ndi chikhatho chotambasula, osafumbata.

Pali mwambo wina wa akuluakulu umene ana amatengera, wosankha mnzako mmodzi n'kumutcha derby wife. Si chibwenzi, ndi mnzako amene amakusungira botolo la madzi, amene adzakwere nawe ambulansi ukathyoka. Kwa akuluakulu n'zosangalatsa. Kwa ana a zaka 13, ife timaona kuti mwambowu umapweteka ambiri kuposa amene umawasangalatsa, chifukwa pa gulu la atatu wina amatsala yekha, ndipo khoma limafuna atatu. Njira yake ndi yosavuta: pa maphunziro, awiriawiri azisinthidwa ndi mphunzitsi pa zochita zilizonse, osalola ana kusankhana okha. Amadandaula sabata ziwiri, kenako amazolowera.

Nkhani ya kukopeka ndi munthu koyamba ndiye imaoneka poyera kuposa mmene anawo amaganizira. Bungwe la ana lija lili ndi gawo la atsikana ndiponso gawo losakaniza, choncho amene wamugwira mtima mwanayo angakhale mnzake wa mu timu, wa timu yolimbana nayo, kapena wolemba mapointi pambali. Zizindikiro zake n'zaukadaulo. Wotchinga amene amagunda aliyense molimba amafewa akafika pa munthu mmodzi, kapena amamugunda mopitirira muyezo kuti anzake asamuganizire. Jammer amayang'ana kubenchi m'malo moyang'ana ziuno za otchinga. Akakankhidwira kunja kwa mzere wa bwalo amabwerera mwaphuma kutsogolo kwa amene wamutulutsa, m'malo molowera kumbuyo kwake, ndipo uku n'kudula njira: masekondi 30 pampando, timu ina ikukolola mapointi popanda wopikisana nayo. Wina, atakhala jammer wotsogola, amene wayamba kudutsa gulu la otchinga popanda kulakwa, amaiwala kuti ali ndi mphamvu yothetsa jam pomenya manja m'chiuno mobwerezabwereza, chifukwa akufuna kuonetsa luso.

Choipitsitsa chimene wamkulu angachite apa ndi kuseka mwanayo pagulu. Nthabwala imodzi ya mphunzitsi imakhala nyimbo ya timu yonse kwa mwezi, ndipo ana ena amasiya masewera pa chifukwa chimenechi osauza munthu. Konzani cholakwa cha m'bwalo monga mungachikonzere kwa wina aliyense: maso pa ziuno, lowera kumbuyo kwa wakutulutsa. Ngati awiri ayambadi chibwenzi, asaikidwe m'khoma limodzi nthawi zonse, kuti tsiku limene adzasiyane timu isadzataye khoma lonse. Ndipo zikatha, milungu yoyamba asapatsidwe zochita zogundana awiriwiri. Kumene akuluakulu ayenera kulowererapo mosazengereza ndi pamene zaka zatalikirana, wa 17 ndi wa 13, kapena pamene mphunzitsi kapena woimbira akulemberana mauthenga apadera ndi mwana. Mauthenga a timu adutse pa gulu limene makolo alipo, basi.

Thupi nalo likusintha nthawi yomweyo. Mwana akatalika msanga m'chaka chimodzi, kaimidwe kamene anakazolowera kamasokonekera, ndipo amayamba kugwa pa zinthu zimene ankazichita mosavuta. Amaganiza kuti luso lamuthawa, chonsecho angofunika kupinda mawondo kwambiri kuposa kale. Zovala zodzitetezera ziyesedwe pakapita miyezi ingapo: chipewa cholimba, choteteza mano, zotchinga pamfundo za manja, zigongono ndi mawondo. Chotchinga bondo chothina chimadula magazi, chokhwepa chimaterereka panthawi imene ukugwa. Chipewa chimene chamenyedwa mwamphamvu chisinthidwe ngakhale kunja chikuoneka chabwino, ndipo mwana amene wamenyetsa mutu asabwerere m'bwalo tsiku lomwelo, ngakhale anzake achonderere chotani. Amene ali ndi mawaya m'mano afunika choteteza mano chopangidwira zimenezo, osati chija choviika m'madzi otentha n'kuluma. Ndipo m'chikwama cha timu musamasowe mapadi a kumwezi ndi kabudula wakuda wapadera. Mtsikana amene zamuchitikira koyamba pakati pa masewera amakumbukira moyo wake wonse amene anamupatsa mwakachetechete.

Nkhani zambiri za mumtima zimakambidwa atakhala pansi kukonza nsapato. Matayala ndi 8, lililonse lili ndi mabering'i awiri, onse pamodzi 16. Poti amazungulira mbali imodzi, matayala amadyeka mosafanana, choncho amasinthanitsidwa malo. Mabering'i satsukidwa ndi madzi chifukwa amachita dzimbiri. Amaviikidwa mu spiriti, n'kuumitsidwa, kenako kadontho kamodzi kapena kawiri ka mafuta. Pa simenti yoterera pamafunika matayala ofewa, a m'ma 88A pa muyezo wa kulimba kwa tayala, pamene pabwalo logwira pamafunika olimba, a m'ma 95A. Ntchitoyi imatenga pafupifupi ola, manja ali otanganidwa, maso ali pansi, ndipo ana awiri amene sanalankhulane sabata yonse amayamba ndi kubwerekana sipanala.

Akakwanitsa zaka 18 nthawi ya timu ya ana imatha. Wina amapita ku koleji kutali, wina amalowa timu ya akuluakulu ya mumzinda womwewo, kumene wotchinga wa zaka 35 samunyengerera. Chovuta kwambiri pa miyezi yoyamba si kulemera kwa anthu atsopanowo, koma kuti khutu linazolowera mawu a munthu mmodzi akufuula mkati ndi kunja, ndipo pa mawu achilendo miyendo imachedwa theka la sekondi. N'chifukwa chake m'chaka chomaliza mphunzitsi ayenera kuyamba kumuika mwanayo m'makoma a anthu amene sanawazolowere, ndipo mnzake wapamtima uja azimuika mbali inayo, atavala nyenyezi.