Njovu imene ndinaphwasula kuti ndiphunzire kusoka

Ndinayamba kusoka zidole mu 2021, pa makina a Singer opalasa ndi phazi amene amayi anga aang'ono anandisiyira. Nthawi imeneyo ndinkasoka madiresi a ana ndi mayunifolomu pakhonde pathu ku Kawale, ndipo madzulo alionse pansi pa tebulo pankakhala mulu wa tizidutswa ta chitenje. Kutaya kunkandiwawa. Tsiku lina ndinadula tizidutswa tiwiri mooneka ngati kalulu, ndinasoka, ndinatembenuza, n'kuphatikiramo nyenyeswa za nsalu. Mwana wa aneba atamuona kaluluyo anamukumbatira osafunanso kumusiya, mpaka mayi ake anandipatsa kangachepe. Mpamba wanga woyamba unali umenewo.

Kwa zaka ziwiri ndinkaganiza kuti ntchitoyi ndaidziwa. Oda ankabwera pa WhatsApp, ndalama zinkalowa pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ndipo palibe amene anabweza chidole. Maso anga anatseguka tsiku lina Loweruka, pamsika wa zopangapanga ndi manja womwe umachitika mwezi ndi mwezi mumzinda muno. Tebulo loyandikana ndi langa linali la mayi wina wachikulire, wa imvi zake, amene anayala njovu za chitenje zokhazokha. Pofika masana zake zinali zitatsala zitatu. Zanga zinali zitagulidwa ziwiri basi. Anthu ankafika patebulo langa, kunyamula kalulu, kumwetulira, kumubwezera. Akafika pa la mayiwo ankanyamula njovu n'kuyamba kupisa m'thumba.

Mumtima munandiwawa, ndipo dzina la ululu umenewo ndi kaduka. Ndinayamba kudziuza kuti mwina ndi chifukwa choti ndi achikulire, anthu akuwamvera chisoni. Koma ndikayang'ana njovuzo ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza. Zinkaima zokha pamiyendo inayi, pamene akalulu anga ndinkachita kuwatsamiritsa kukatoni. Posonkhanitsa katundu ndinatenga ndalama zonse zimene ndinapeza tsikulo n'kugula njovu imodzi.

Usiku umenewo ndinaiika pansi pa nyali n'kuyamba kufunafuna pamene anatsekera. Chidole chilichonse chimasokedwa kunsi kuli kunja, n'kusiya kampata kotembenuzira ndi kolowetsera zam'kati, ndipo kampata kameneko kamatsekedwa ndi singano ya pamanja. Pa zidole zanga malo amenewo ankaoneka ngati chipsera. Pa njovu ija ndinafufuza kumsana, kukhosi, kumchira, osapapeza. Ndinapapeza nditachita kupapasa ndi chala kunsi kwa mimba. Kenaka ndinatenga lezala n'kuyamba kumasula msoko umodziumodzi, ndikulemba m'kope chilichonse chimene ndaona.

Zimene ndinalemba usiku umenewo ndimaziwerengabe. Njovuyo sinali ya zidutswa ziwiri ngati akalulu anga. Inali ndi chidutswa chachitatu chakunsi, chochokera pachifuwa, kudutsa pamimba ndi m'kati mwa miyendo yonse inayi, ndipo n'chimene chinkaipatsa mpata woima. Pena paliponse pamene msoko ukukhota, monga pachitamba ndi m'mphepete mwa makutu, mayiwo anatemeratemera nsalu yotsalira kuseri kwa msoko ndi nsonga ya sizasi, kuti potembenuza isakwinyike. Ine ndinkadabwa kuti bwanji makutu a akalulu anga amatuluka okwinyika, kumaganiza kuti vuto ndi chitenje. Pamene mwana amakonda kukokera, pachitamba, pamakutu ndi pamchira, panali misoko iwiri, wina pamwamba pa unzake. Kuseri kwa chitenje anamatako nsalu ina yopyapyala kuti chisatamuke. Zam'kati sanaziphatike nthawi imodzi ayi: ankalowetsa timibulu ting'onoting'ono, m'miyendo molimba kwambiri, m'mimba mofewa kuti mwana akakumbatira amve bwino. Zonsezi munthu wogula sazionapo. Amangomva m'manja kuti chinthuchi n'chabwino.

Mwezi wotsatira ndinapita patebulo lawo ndisanayale n'komwe katundu wanga. Ndinagwada n'kunena kuti, "Mayi, ndabwera kudzaulula. Njovu yanu ija ndinaiphwasula."

Anandiyang'ana kanthawi. "Mwanawe, ndalama zako zonse zija? Bwanji osangondifunsa? Safunsa anadya phula."

Anandikhazika pambali pawo, natulutsa singano ndi kansalu, n'kundionetsa msoko wotsekera umene ndinavutika kuupeza uja. Umapinda m'mphepete monse muwiri kulowetsa m'kati, singano n'kumayenda m'kati mwa mpindiro, kutulukira uku, kuwolokera tsidya, kulowanso mumpindiro wina. Ulusi umaoneka ngati makwerero, ndipo ukaukoka pang'onopang'ono mbali ziwirizo zimakumana, ulusi n'kubisala. Pambuyo pake ndinapeza kuti pa YouTube amautcha ladder stitch, ndipo mavidiyo ake ndi ambirimbiri. Koma vidiyo singakugwire dzanja n'kukuuza kuti wakoka kwambiri, ulusi udula nsalu. Ndinabwereza kasanu ndi kawiri asanagwedeze mutu.

Atatero ananyamula kalulu wanga mmodzi n'kukoka diso. Maso ndinkaika a mabatani, chifukwa ankawala bwino pachithunzi. Batani linathothoka atangokoka kachiwiri. Sanalankhule zambiri, anangofunsa kuti, "Amene akugula awa, ana awo ndi a zaka zingati?" Ambiri anali makanda. Mwana wosakwana zaka zitatu chilichonse amaika m'kamwa, ndipo batani likhoza kumutsamwitsa. Nditawerenga ndinapeza kuti ku Ulaya kuli malamulo a zidole otchedwa EN 71, ndipo mwa zina amayesa kukoka tizinthu tomatidwa pachidole kuti aone ngati tingachoke. Mayi aja malamulowo sanawatchule, koma mayeso awo anali omwewo. Sabata imeneyo ndinachotsa mabatani pazidole zonse zimene ndinali nazo n'kupeta maso ndi ulusi wakuda. Amene anagula kale ndinawalembera mmodzimmodzi kuti abweretse ndiwasinthire ulere. Zinandidyera masiku anayi, ndipo sindinadandaulepo.

Za zam'kati ndinaphunzira movutikira. Nyenyeswa za nsalu ndi zaulere, koma chidole chimalemera, chimachita mabampu, ndipo chikachapidwa nyengo ya mvula chimatha masiku chisanaume mpaka kununkha chinyezi. Ndinayesa thonje limene wachibale ananditengera ku Balaka. Kuchotsa njere kunanditengera tsiku lathunthu, ndipo nditachapa linaundana. Panopa ndimagwiritsa ntchito faiba wa m'mapilo atsopano. Ndi wodula, makamaka chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene faiba, ulusi ndi zitenje zinakwera nthawi imodzi. Kukwera kumeneko n'kumene kunandikakamiza kuyamba kuwerengetsera bwinobwino. Poyamba ndinkaphatikiza mtengo wa nsalu ndi ulusi, kuwonjezapo pang'ono, basi. Maola anga sindinkawawerenga. Nditayamba kulemba nthawi yoyambira ndi yomalizira ndinaona kuti chidole chimodzi chosokedwa moyenera chimandidyera maola asanu. Ndinakweza mitengo. Makasitomala ena anachoka, akuti pakaunjika chidole chachikulu amachipeza motchipa. Ndi zoona, ndipo sindiwaimba mlandu, ndalama ikuvuta. Koma sindingapikisane ndi belo. Amene anatsala ndi aja ofuna chidole chosokedwa ndi chitenje chimene agogo a mwanayo ankavala, kapena chokhala ndi dzina la mwana lopetedwa kuphazi.

Chiyambireni tsiku la njovu lija, ntchito ya anzanga ndimaiyang'ana mwa mtundu wina. Pali atsikana amene amaluka zidole ndi koloshi, luso limene ku Japan amalitcha amigurumi. Iwo amawerenga maluko mzere ndi mzere, ndipo akaphonya limodzi mutu wa chidole umapendekeka. Kwa iwo ndinaphunzira kusunga mapatani anga pamakatoni olembedwa bwino, m'malo modula mwa maso. Anyamata opanga magalimoto a waya m'mphepete mwa msewu ndimatha kuima kuwaonerera mpaka kuiwala kumene ndikupita. Amadziwa kuti minibasi imazindikirika ndi zinthu zitatu kapena zinayi zokha, zinazo n'kuzisiya. Ndipo nditapita ku Mua, kumalo a zaluso a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndinaona kuti osema a kumeneko nyama amazidziwa ndi maso awo. Ine ndinkakopera mapatani a pa intaneti, mvuu yanga n'kumaoneka ngati nkhumba. Nditaona mvuu zenizeni mumtsinje wa Shire ku Liwonde ndinazindikira kuti maso, makutu ndi mphuno zonse zili pamwamba pa mutu, pamzere umodzi, kuti ikamira zitsale kunja kwa madzi. Nditasuntha maso ndi makutu kupita pamwamba, ana anasiya kufunsa kuti ndi nyama yanji.

Nkhani ina imene imandilimbitsa mtima ndi ya Margarete Steiff wa m'tauni ya Giengen ku Germany. Anadwala poliyo ali khanda ndipo moyo wake wonse anayendera njinga ya olumala, koma anaphunzira utelala. Mu 1880 anasoka kanjovu kansalu koti azibayapo masingano, ana n'kukatenga kukhala choseweretsa. Mu 1902 mwana wa mchimwene wake, Richard Steiff, anajambula chimbalangondo cha manja ndi miyendo yoyenda, ndipo kampani yawo ikupangabe zidole mpaka lero. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti nayenso anayambira pa njovu, ndiponso kuti anali telala wamba ngati ife.

Pali funso limene linandivutitsa miyezi ingapo. Patani ya njovu ija ndinali nayo yonse, zidutswa zili m'manja, ndipo ndikanatha kuyamba kusoka njovu zangati zomwezo n'kumagulitsa pa Facebook motsikirako mtengo. Ndimaona zimenezi zikuchitika kawirikawiri: wina atulutsa chinthu chatsopano, sabata isanathe anthu asanu akugulitsa chomwecho, ena mpaka kuba chithunzi chenichenicho. Ndinawafunsa mayi aja maganizo awo. Anati msoko nawonso anauphunzira kwa munthu, ndiye sangandikanize, koma nkhope ya njovu yawo anaivutikira okha zaka zambiri. Ndinamva. Chidutswa chakunsi, kutemera mokhota ndi msoko wobisika ndimazigwiritsa ntchito pachidole chilichonse, koma njovu sindisoka. Wofuna njovu ndimamulozera patebulo lawo, iwonso wofuna mvuu amamutumiza kwa ine.

Panopa ndikulimbana ndi nanzikambe. Chitenje chimamukhala bwino chifukwa cha mitundu, koma mchira wopiringizika ukundikanika: waya sindingaikemo poti ungabaye mwana, ndipo popanda waya mchirawo ukuwongoka ukangolowa faiba. Ndadula kale mapatani anayi. Wachinayiyu ndausoka kuti msoko wam'kati ukhale waufupi kuposa wakunja, ndipo wayamba kupindika ndithu, ngakhale kunsonga kukadali kouma. Loweruka lamsika likubwerali ndimutengera kwa mayi aja kuti akamukoke mchira, aone ngati ulimbe.