Mr. Reed sanapambane mtsutso uja

Amene mwaonera filimu ya Heretic ya 2024 kuno ku Blantyre mwagawikana. Ena mukuti filimuyi ikunyoza Mulungu, ena mukuti Hugh Grant, yemwe akusewera ngati Mr. Reed, wawavula okhulupirira pa mtsutso wa zachipembedzo. Amene simunaonere, dumphani positi iyi, ndiulula zambiri.

Atsikana awiri a mpingo wa Mormon, ngati aja timawaona akuyenda awiriawiri m'tauni, alowa m'nyumba ya Mr. Reed chifukwa wawauza kuti mkazi wake ali kukhitchini akuphika. Malamulo awo salola kukhala ndi mwamuna popanda mayi wina. Koma fungo la chakudya lomwe akumva ndi la kandulo, mkazi kulibe.

Mfundo yaikulu ya Mr. Reed ndi ya gemu ya Monopoly: inatuluka mu 1935, koma inakopera The Landlord's Game ya Elizabeth Magie ya 1904. Apo akunena zoona. Ndiye akuti zipembedzo nazonso zinakoperana, kuti nkhani ya Yesu, ya kubadwa kwa namwali ndi ya tsiku la 25 Disembala, inalipo kale pa milungu yakale, n'kutchula Horus ndi Mithras. Apa m'pomwe nkhani ikupindika. Nthano za ku Egypt zimati Isis anatenga pakati pa Horus kuchokera kwa mwamuna wake Osiris, osati ali namwali. Mithras amamujambula akutuluka m'thanthwe. Ngakhale 25 Disembala yomwe anthu amakanganiranayo mulibe m'Baibulo.

Komanso taonani zitseko ziwiri zija zomwe akuwauza atsikanawo kuti asankhepo chotulukira, chokhulupirira ndi chosakhulupirira: zonse zikutsikira m'chipinda chimodzi chapansi. Bamboyo sakufufuza choonadi, akufuna kulamulira anthu, ndipo chitseko chakumaso anali atachikhoma kale asanayambe n'kulalikira komwe. Sister Barnes, mmodzi wa atsikanawo, ndiye anamutulukira msanga.