Oyilo wopserera wa bakkie yochokera ku Durban

Maholide a Khirisimasi atangotha, pagalaja pomwe ndikuphunzira umakaniko kuno ku Johannesburg panafika pikiapu ya dizilo ya otomatiki, zija kuno amati bakkie. Mwini wake anali atachokera ku Durban akukoka kalavani, kanyumba ka matayala kamene mabanja amagonamo akapita kunyanja. Dandaulo lake linali lakuti galimoto ikuchedwa kusintha magiya, ndipo ikasintha ikumachita kugunda.

A madala amene amandiphunzitsa ntchito, bambo wa ku Mangochi amene anayamba kulowa pansi pa galimoto ine ndisanabadwe, sanafunse zambiri. Anamasula bawuti ya pansi pa giyabokosi, n'kudonthetsera oyilo pang'ono papepala loyera. "Iwe, tanunkhiza." Oyilo wa giyabokosi ya otomatiki akakhala watsopano nthawi zambiri amakhala wofiira, woyera bwino moti umaona chala chako kuseri kwake. Uyu anali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka amene waiwalika pamoto, fungo lake ngati la nkhoko zopserera pansi pa mphika. "Waphika ameneyu," anatero. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, waphika bwanji poti mwini wake akuti singano ya kutentha sinasunthe ulendo wonse?" Anandiyankha kuti singano imene ija imaonetsa kutentha kwa madzi a mu injini basi, za giyabokosi siikuzidziwa.

Funso limeneli ndi limene ndakhala nalo masabata apitawa, masana pagalaja, madzulo m'mabuku. Ine ndinkaganiza kuti giyabokosi imatentha chifukwa chogundana ndi injini. Ayi ndithu, moto wake waukulu imaupanga yokha, mu chipangizo chotchedwa torque converter. Pagalaja pali yakale imene anaidula pakati, ndipo a madala anandipatsa kuti ndiigwire. M'kati mwake muli ngati mafani awiri oyang'anizana, osakhudzana. Injini imazunguza imodzi, imeneyo imaponya oyilo mwamphamvu pa inzake, inzakeyo n'kuyamba kuzungulira ndi kutumiza mphamvu ku magiya. Yachiwiriyi nthawi zonse imatsalirako pang'ono. Katundu akalemera imatsalira kwambiri, ndipo mphamvu yonse imene yatayika pakusiyana kumeneko imasanduka kutentha, n'kulowa mu oyilo.

Chimene chinanditsegula maso ndi kakilatchi kamene kali momwemo, ka lock-up. Galimoto ikakhazikika pa liwiro, kompyuta imakamanga, mbali ziwiri zija n'kumazungulira limodzi ngati chitsulo chimodzi. Kutsalira kumatha, kutentha kumatsika. Koma ukamakoka kalavani pachitunda giya ili pa D, pomwe galimoto imasintha yokha magiya, galimoto imafuna kukhala m'giya yapamwamba kuti isunge dizilo, mphamvu imachepa, kompyuta imamasula kakilatchi kaja, imatsitsa giya, liwiro likabwerera imakwezanso, kenaka imatsitsanso. Kusakasaka giya kumeneku ndiko kumaphika oyilo.

Ndiye taganizirani msewu wa N3 umene bakkie ija inadzera. Durban ali m'mphepete mwa nyanja, Johannesburg ali pamtunda wa mamita opitirira 1,700. Ungochoka Pietermaritzburg pali chitunda cha Town Hill, kutsogolo kuli Van Reenen's Pass pakati pa Ladysmith ndi Harrismith, ndipo Disembala ndi Januwale kuno ndi nyengo yotentha. Kalavani nayo vuto lake si kulemera kokha. Ndi yaitali ndi yotambalala, imagunda mphepo ngati khoma. Mphepo yokukankha m'mbuyo siikula mofanana ndi liwiro: ukachoka pa makilomita 80 pa ola n'kufika pa 120, imaposa kuwirikiza kawiri. Choncho ngakhale pamsewu wa see, munthu wothamanga ndi kalavani giyabokosi yake imakhala ngati ikukwera phiri.

Manambala amene ndalemba m'kope langa ndi awa. Oyilo amagwira bwino ntchito pa madigiri a Celsius 80 mpaka 95 kapena cha pomwepo. Kudutsa 100 kwa kanthawi pachitunda si tsoka, bola atsike ukafika pamwamba. Akakhalitsa cha m'ma 115 ndi 120 amayamba kuwonongeka n'kumasiya utomoni m'tinjira ta oyilo, ndipo kupitirira apo masilo, timphira totchinga kuti oyilo asadonthe, amauma, makilatchi n'kuyamba kuterereka. Magiyabokosi ena atsopano anawapanga kuti azitenthako kuposa akale, oyilo wa masiku ano nayenso amapirira kwambiri, kotero buku la galimoto yomweyo ndilo loyenera kulifunsa poyamba. Koma kudikira nyali yochenjeza ine ndaona kuti n'kulakwa, chifukwa imayaka zinthu zitafika kale patali. Kachipangizo kotchipa kolowetsa pa soketi ya OBD2 pansi pa chiwongolero kamatha kutumiza kutentha kwa oyilo pafoni pagalimoto zambiri, munthu n'kumaona nambala ikukwera isanafike poipa.

Eni magalimoto ambiri akamva zonsezi amangoti tiwaikire cooler yowonjezera, chipangizo choziziritsa oyilo. Imathandizadi. Pagalimoto zambiri oyilo amazizira podutsa m'kachipinda kokhudzana ndi madzi a rediyeta, ndiye injini ikatentha pachitunda madziwo amakhala otentha kale, sangachotse zambiri. Cooler yapadera yoikidwa kutsogolo, pomwe mphepo imawomba, imapepuza ntchito imeneyi. Koma pa zimene ndaona, ndalama zimenezi zimapita pachabe ngati kayendetsedwe sikasintha. Bakkie ija kutsogolo kwake kunali chitsulo chachikulu chotchinga ndi nyali ziwiri zikuluzikulu zotseka njira ya mphepo, ndipo titawalitsa tochi pakati pa rediyeta ndi kondensa ya ekoni tinapezamo njere za udzu ndi tizilombo touma tambirimbiri. Tinayamba tatsuka zimenezo.

Kayendetsedwe kake sikovuta. Ngati galimoto ili ndi batani la tow/haul, lokokera katundu, lidinidwe. Ngati lilibe, woyendetsa asankhe yekha giya yotsika asanayambe chitunda, aisiye momwemo. Injini ilira mokweza, ndipo ambiri phokosolo limawaopsa, koma pamenepo ndi pomwe kakilatchi kaja kamagwira bwino, pampu n'kumayendetsa oyilo ndi madzi mwachangu. Potsetsereka giya yotsika yomweyo imapulumutsa mabuleki. Nambala ikakwera kwambiri, woyendetsa n'kuima pambali, injini isazimitsidwe. Ikhale ikulira giya ili pa P, poimikira galimoto, chifukwa ukaithimitsa pampu imaima, oyilo wotenthayo amangokhala phee osafika kozizira.

Chimene sindinkachiganizira n'komwe ndi kubwerera m'mbuyo. Munthu wayenda ulendo wonse bwinobwino, wafika pamalo ogona, akulowetsa kalavani chambuyo pakachitunda ka udzu, akuponda pang'ono, kuima, kupondanso. Pamenepo palibe mphepo yolowa kutsogolo, lock-up sigwira, torque converter ikungotakasa oyilo. A madala amati mphindi zochepa zimenezo zimatha kutenthetsa giyabokosi kuposa chitunda chonse, ndipo ngati galimoto ndi ya 4x4 ndipo pansi ndi pofewa, giya ya low range, yoyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu, imachepetsa vutoli.

Bakkie ija tinaisintha oyilo ndi fyuluta, mwamwayi m'poto wa pansi pa giyabokosi, momwe mumakhala oyilo, munalibe tizitsulo tambiri. Mwini wake tinamuuza kuti poti amakoka kawirikawiri azisintha oyilo msanga, monga buku limanenera za galimoto yogwira ntchito yolemetsa. Tisanaibweze tinaimangirira ngolo ya pagalaja, tinakwezapo galimoto ina yakufa, n'kupita nayo pachitunda china chapafupi. A madala ankayendetsa, ine foni ili m'manja. Ulendo woyamba anaisiya pa D, ndipo ndinkamva magiya akusinthasintha, nambala ikukwera osaleka. Tinatsika, tinadikira kuti izizire, n'kukweranso atakhazikitsa giya yachitatu ndi dzanja. Injini inalira mokweza, nambala inakwera pang'ono n'kuima. Ndinawaonetsa foni. Anangogwedeza mutu, maso ali pamsewu, n'kunena kuti, "Ukafika ulembe zimenezo m'kope mwako, mawa ukumasula wekha poto wa galimoto ina, Hilux ija."